Chofunda cha Zigamba: Mphatso Yathu pa Chaka cha Chisangalalo

Mau amene adayankhula mtsogoleri wa amai a m'parishi pa msonkhano wa Akristu ku Mecanhelas



Ndikuthokoza a komiti yokonza chisangalalo chino pondipatsa mpata woti ndiyankhule m'malo mwa amai a m'parishi mwathu. Amene ayamba kuyankhula afotokoza bwino mbiri ya matchalitchi, ya sukulu ndi ya zipatala. Ine andituma kuti ndikambe za kanthu kakang'ono, kamene mwina ena adabwa nako pa tsiku lalikulu lotere, ndiko chofunda chosokedwa ndi zigamba. Pempho la amai nali: pokumbukira zaka 100 chifikire amishoni a Consolata kuno ku Niassa, mphakati uliwonse uyambe kusonkhana ndi kusokera zofunda anthu osowa a m'midzi mwathu, ndipo ntchitoyo isathere chaka chino chokha ai.

Kumene tachokera

Chipani cha amishoni a Consolata adachiyambitsa ndi Giuseppe Allamano Woyera mumzinda wa Turin m'chaka cha 1901. Ana ake adalowa m'dziko la Mozambique mu 1925, ndipo mu 1926, chaka chimene iye mwini adamwalira, adafika ku Mandimba. Mu 1928 Bambo Pedro Calandri adatsegula mishoni ya Massangulo, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 idatsegulidwanso mishoni ya Mepanhira, kwathu kuno. Pamodzi ndi katekisimu, Asisitere ankaphunzitsa atsikana kugwira singano. Ambiri mwa agogo athu adaphunzira kusoka pa khonde la mishoni, ndipo luso limenelo lilipobe m'manja mwa adzukulu ao.

Akuluakulu muli panonu simunaiwale zaka za nkhondo. Nkhondo itakula m'dera lino m'zaka za m'ma 1980, masitolo adatsekedwa, nsalu idasowa, ndipo anthu ambiri adabwerera ku chiwondo cha makolo, chosula ku khungwa la mtengo. Ena adavala ziguduli. Ambirimbiri adathawira ku Malawi, ena podzera ku Nayuchi, ena m'mbali mwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Pofika chaka cha 1992, dziko la Malawi linkasunga anthu a ku Mozambique othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Kumeneko gombeza ankalandirira pa mzere, munthu atayamba walembetsa dzina. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu adayamba kubwerera kwao, ambiri atanyamula gombeza lomwelo pamutu. Ngakhale zovala zakale zimene timagula m'misika, zimene anzathu a ku Malawi amati kaunjika, ife timazitcha calamidade, ndiye kuti tsoka, chifukwa poyamba zinkabwera ngati chithandizo pa nthawi ya njala ndi nkhondo.

Sitikunyoza chithandizo chimenecho. Chidapulumutsa ana athu, ndipo amene adachitumiza tiyenera kuwakumbukira m'mapemphero. Koma Eklezia wa zaka 100 salinso khanda lofunika kufunditsidwa ndi ena usiku uliwonse. Maepiskopi athu adaziona kale zimenezi. Pa msonkhano waukulu wa ku Beira mu 1977, pamene sukulu ndi zipatala za mishoni zinali zitatengedwa ndi boma ndipo ansembe anali ochepa, adagwirizana kuti moyo wa Eklezia ukhazikike pa timagulu ting'onoting'ono ta Akristu, m'mene aliyense ali ndi utumiki wake. Timagulu timeneto ndito tidasunga chikhulupiriro pa nthawi imene wansembe sankatha kufika m'midzi. Ngati mphakati udatha kusunga mapemphero popanda wansembe, ungathenso kufunditsa nkhalamba yake popanda kudikira galimoto lochokera kutali.

Chifukwa chiyani chofunda?

Alendo amaganiza kuti kuno nkotentha chaka chonse. Ife eni akefe tikudziwa m'mene June ndi July amachitira, pamene mwera ukuomba usiku m'madambo a m'mbali mwa nyanja. Munthu wopanda chofunda amachita chimodzi mwa ziwiri: kapena agona akunjenjemera pa mphasa, kapena asendera kufupi ndi moto. Zonse ziwiri nzoopsa. Mwana wakhanda ndi nkhalamba sakhala ndi mphamvu zolimbana ndi chisanu, ndipo chifuwa chikawagwira sichichedwa kusanduka chibayo. Moto nao uli ndi milandu yake. Ndani mwa ife sadziwa mwana wa zipsera amene adagubudukira pa moto ali m'tulo, kapena munthu wodwala khunyu amene adagwera pa makala usiku anzake ali mtulo? Utsi wa usiku wonse m'nyumba yotseka umaononganso maso ndi chifuwa.

Nyengo ya dzinja ili ndi mavuto enanso. Tidaona madzi osefukira mu January 2015. Tidaonanso namondwe wotchedwa Freddy, amene adalowera ku Quelimane mu March 2023, nagwetsa mvula yosalekeza kuno ndi ku Malawi komwe. Nyumba za zidina zikagwa, choyamba kuonongeka ndi zofunda, pakuti zimakwiririka m'matope. Banja limathawira ku sukulu kapena ku tchalitchi ndi zovala za m'thupi zokha, nkukagona pa simenti. Chithandizo cha boma ndi cha mabungwe chimafika ndithu, koma miseu ikaduka chimatenga masiku. Usiku woyamba ndi wachiwiri, wothandiza amakhala mnansi basi.

Zimene Eklezia amatiphunzitsa

Malembo Oyera sachiyesa chopepuka chofunda cha mmphawi. M'buku la Eksodo, mutu 22, Mulungu adalamula Aisraele kuti munthu akatenga mwinjiro wa mnzake ngati chikole cha ngongole, aubweze dzuwa lisanalowe, popeza mwini wakeyo alibe china chofunda. Taonani, ngakhale ngongole yoona idayenera kudikira kuti wosauka agone motentha. Mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 25, kuveka wausiwa ndi chimodzi mwa zinthu zimene Ambuye adzatifunsa pa tsiku la chiweruzo, ndipo adzachiwerenga ngati chochitira Iwo amene.

M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 9, timamva za mai wina wa ku Yopa, dzina lake Tabita, kapena kuti Dorika. Sitimva kuti adalalikapo, kapena kuti anali ndi udindo. Timangomva kuti ankathandiza osauka ndi kusoka zovala. Atamwalira, Akristu adaitanitsa Petro Woyera ku Lida, ndipo iye atafika, amai amasiye adamzungulira akulira, namuonetsa malaya amene Tabita adasoka. Umboni wa moyo wake unali nsalu zimene anthu adavala m'thupi. Petro adapemphera, ndipo Mulungu adamuukitsa. Amai anzanga, ameneyu ndi mkulu wathu pa ntchito imene tikuyambayi.

Abambo nanu muli ndi wanu. Martin Woyera wa ku Tours, amene adamwalira mu 397, akali msilikali wa Aroma adakumana ndi munthu wopemphapempha pa chipata cha mzinda wa Amiens, nyengo ya chisanu choopsa. Analibe ndalama. Adasolola lupanga, nadula mwinjiro wake pakati, napereka theka. Usiku womwewo adalota Yezu atavala theka lija. Chimene tikuphunzira kwa iye ndi ichi, kuti sadadikire kuti ayambe wakhala ndi miinjiro iwiri.

Koma chifundo chokha sichikwanira, chimafunika dongosolo. Mu 1617 Vincent de Paul Woyera anali bambo mfumu ku Châtillon, m'dziko la France. Tsiku lina Lamulungu, asanayambe Misa, adamuuza za banja lina limene onse ankadwala, popanda wina woti nkusamala anzake. Iye adalalika za banjalo, ndipo madzulo ake anthu ambiri adapita kumeneko ndi chakudya. Vincent ataona mulu wa zakudyazo adazindikira kuti zambiri zidzaola, ndipo patapita masiku owerengeka banjalo lidzakhalanso pa njala. Nchifukwa chake adasonkhanitsa amai a m'parishimo, nawakonzera malamulo oti azisinthana, aliyense tsiku lake. Umo ndimo adayambira mabungwe achifundo amene afalikira pa dziko lonse. Ifenso tikapanda dongosolo, tidzasoka ndi changu mwezi umodzi, kenaka singano zidzachita dzimbiri.

Ena adayamba kale

Luso losoka zofunda ndi zigamba si la anthu olemera. Ku America, m'chigawo cha Alabama, kuli mudzi wotchedwa Gee's Bend, kumene kumakhala adzukulu a akapolo ochokera kuno ku Africa. Nyumba zao zinali zozizira ndipo ndalama zogulira magombeza analibe. Tsono amai ankadula mabuluku akutha a amuna ao, madiresi akale ndi matumba, nkumalumikiza. Zofunda zaozo pambuyo pake zidatchuka, mpaka mu 2002 zidaonetsedwa m'nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso ku Houston ndi ku New York, koma eni ake ankasokera kuti ana ao asazizidwe. M'dziko lomwelo, Akristu a mpingo wa Lutheran amasonkhana m'matchalitchi mwao kusoka zofunda, ndipo bungwe lao la Lutheran World Relief, limene lidayamba mu 1945 pothandiza ovutika ndi nkhondo ya ku Ulaya, latumiza zikwi zambirimbiri ku maiko osiyanasiyana. Kumwera kwa dziko lathu lomwe lino amai ali ndi mwambo wolumikiza makapulana awiri kukhala nsalu imodzi yaikulu yoyala pa bedi. Tsono sitikuyamba chinthu chachilendo.

Kasokedwe kake

Ndifotokoze tsopano m'mene chofundachi chimapangidwira, kuti atsogoleri mukathe kuuza anthu kwanu. Chili ndi nsalu zitatu zosanjikiza: yapamwamba ya zigamba, yapakati yosunga kutentha, ndi yapansi yokhudza thupi.

Zigamba zichokere ku zidutswa zimene atelala amataya kapena kutentha, ku makapulana ong'ambika pakati koma olimba m'mbali, ndi ku zovala zimene ana asiya. Zonse zichapidwe ndi sopo ndi madzi otentha, ziyanikidwe pa dzuwa lamphamvu ndi kusitidwa, kuti tisapatse munthu nsabwe kapena nsikidzi pamodzi ndi mphatso. Nsalu yofuka, imene imang'ambika mukaikoka ndi zala, isalowemo, chifukwa chigamba chimodzi chofooka chimaononga ntchito ya anthu khumi. Musaphatikize nsalu yokhuthala ndi yopyapyala pa msoko umodzi, pakuti yopyapyalayo idzathetheka msanga. Makamaka pewani nsalu za nayiloni. Zikayandikira moto zimasungunuka ndi kumatirira pa khungu, ndipo ambiri mwa anthu amene tikuwasokera amagona pafupi ndi moto. Nsalu ya thonje ndiyo yabwino.

Chofunda cha munthu wamkulu chikhale masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali. Dulani kachikatoni kofanana mbali zonse, masentimita 27, kakhale muyeso wa onse. Mukasiya sentimita imodzi mbali iliyonse ya msoko, chigamba chimatsala masentimita 25. Motero mzere umodzi ukhala ndi zigamba 6, mizere ikhala 8, zonse pamodzi zigamba 48. Anthu asanu ndi atatu akagawana mzere umodzi umodzi, nsalu yapamwamba sichedwa kutha. Cha mwana chikwana ndi zigamba 20, mizere isanu ya zigamba zinai. Amene ali ndi tizidutswa ting'onoting'ono ayambe watilumikiza mpaka tikwane muyeso uja, palibe chotaya.

Pakati muikepo gombeza lakutha lochapa bwino, kapena nsalu zakale zoyala mosanjikiza. Thonje la m'munda lingathandize, koma lichotsedwe njere, liyalidwe mopyapyala, ndipo lisokereredwe pafupipafupi, apo ai lidzaundana malo amodzi pochapa. Pansi pake makapulana awiri olumikiza akwanira. Yalani zitatuzi pa mphasa, muziwongole bwino, ndipo muyambire pakati kumanga mfundo ndi ulusi wolimba, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa mfundo ndi inzake. Potsiriza pindani m'mphepete monse ndi kusoka kawiri, chifukwa chofunda chimayambira m'mphepete kutha. Makina osokera afulumizitsa ntchito kumene alipo, koma singano ya pamanja ikwanira.

Chinthu chimodzi ndichenjeze. Makapulana okhala ndi zizindikiro za zipani za ndale kapena nkhope za atsogoleri ao asalowe m'ntchito imeneyi. Tonse tikudziwa m'mene nsalu zotere zimagawanitsira mudzi. Wolandira asafunse mumtima mwake kuti kodi akufuna kundigula.

Kagawidwe kake

Kusoka nkosavuta. Povuta ndi pogawa, ndipo mabungwe ambiri abwino adafera pamenepa. Amai tagwirizana mfundo izi, ndipo tikupempha Abambo Mfumu ndi bungwe la parishi kuti aziunike.

Choyamba, mphakati usankhe wolandira ntchito isanayambe, onse ali pamodzi. Chofunda chikatha nkukhala chokongola, mitima imasintha, ndipo aliyense amakumbukira azakhali ake. Titsogoze nkhalamba zokhala zokha, ana amasiye, odwala matenda a mgonagona, olumala, amai ochira kumene amene alibe mwafunditsira khanda, ndi mabanja amene nyumba yao yapsa kapena yagwa.

Chachiwiri, tisafunse kalata ya ubatizo. M'midzi mwathu tikukhala ndi Asilamu, Akristu a mipingo ina, ndi ena osapemphera konse. Pothawa nkhondo tidagona m'makonde mwa anthu amene sadatifunse za mpingo wathu. Chisanu nacho sichifunsa.

Chachitatu, mphatso iperekedwe kunyumba, mwakachetechete, ndi anthu awiri otumidwa ndi mphakati. Tisaitane munthu kutsogolo m'tchalitchi kuti anthu amuombere m'manja pa umphawi wake. Otumidwawo asangosiya katundu pakhomo nkubwerera. Akhale pansi, acheze, aone ngati denga likudontha, ngati muli ufa m'nyumba, ngati muli neti yoteteza udzudzu, pakuti chofunda sichiletsa malungo. Zimene aona akauze anzao.

Chachinai, pa zofunda zitatu zilizonse, chimodzi chipite ku parishi kukasungidwa chifukwa cha ngozi za dzinja. Zisungidwe pamwamba, pouma, kutali ndi chiswe ndi makoswe, ndipo mlembi alembe m'buku chiwerengero cha zolowa ndi zotuluka. Chiwerengerocho chiziwerengedwa poyera kamodzi pa chaka, koma maina a olandira akhale m'buku momwemo. Chofunda chilichonse cha ntchito imeneyi sichigulitsidwa.

Chachisanu, tikhale ndi nyengo yake. Zidutswa tisonkhanitse m'miyezi ya dzinja, pamene manja ali ku khasu. Kusoka kuyambe tikatha Pasaka, tsiku limodzi pa sabata, madzulo. Zofunda zifike kwa eni ake lisanakwane tsiku la 20 June, chikondwerero cha Amai Maria Consolata, Mtonthozi wa ovutika. Chofunda chofika mu September nchochedwa.

Kwa amene akukayika

Ena anena kuti, ifenso ndife osauka, tipatsa chiyani? Nzoona, palibe wolemera pakati pathu. Koma ntchitoyi ikufuna zinthu zimene tili nazo kale: nsanza zoyera, manja, ndi madzulo amodzi pa sabata. Chogula ndi ulusi, singano ndi sopo basi, ndipo mbale imodzi ya mpunga kapena ya chimanga yochokera ku banja lililonse pa nthawi yokolola idzalipira zimenezo. Makolo adati kupatsa nkuika. Amene akusoka lero ndi amene adzafunditsidwe mawa, maso akadzachita chidima.

Ena anena kuti, bwanji osangosonkha ndalama nkukagula magombeza ku Cuamba? Kumene ndalama zapezeka, gulani ndithu, Mulungu adalitse. Koma tonse tikudziwa kuti ndalama ya msonkho imavuta kutuluka, ndipo ikatuluka imabala manong'onong'o. Ndiponso pali china chimene sitolo sigulitsa. Anthu akakhala pa mphasa imodzi milungu ingapo akusokera gogo wakutiwakuti, dzina lake limatchulidwa, amamupempherera, ndipo saiwalikanso. Mtsikana amene wakhala pambali pa amai akuluakulu amachokapo atadziwa kusoka, luso limene lidzamthandiza pa banja lake.

Abambo ena anena kuti imeneyi ndi ntchito ya amai. Pepani abambo, tayendani pa msika wa Insaca kapena wa Entre Lagos muone amene akupalasa makina m'makonde. Ambiri ndi amuna. Atelala Achikristu, tisungireni zidutswa m'thumba m'malo mozitentha, ndipo ngati nkotheka tibwerekeni makina anu ola limodzi pa sabata. Anyamata a njinga, tithandizeni kutuma katundu ku midzi yakutali. Mutu umodzi susenza denga.

Mau otsiriza

Akristu anzanga, parishi yathu ili ndi anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, Amakhuwa, Alomwe, Anyanja ndi Ayao, ena obadwira konkuno, ena obadwira ku Malawi pa nthawi yothawa. Ubatizo umodzi ndiwo udatilumikiza, monga ulusi umalumikizira nsalu zosiyana mitundu. Chisangalalo chino chidzatha, nsanamira za zisakasa zidzazulidwa, ndipo alendo adzabwerera kwao. Pempho lathu nlakuti June wa chaka chamawa, ndi wa zaka zonse zotsatira, asadzapeze nkhalamba kapena mwana wamasiye m'miphakati mwathu akugona m'mbali mwa moto chifukwa chosowa chofunda.

Atsogoleri a miphakati, mukafika kwanu mukaitane anthu Lamulungu likudzali, mukasankhe amai awiri ndi bambo mmodzi oyang'anira ntchitoyi, ndipo mukatumize maina ao ku parishi mwezi uno usanathe. Amai odziwa kusoka ali okonzeka kuyendera mphakati uliwonse umene udzawaitana, kudzaonetsa kadulidwe ndi kamangidwe ka mfundo.

Ambuye Episkopi, tikupempha dalitso lanu pa manja amene adzagwire ntchito imeneyi. Amai Maria Consolata atipempherere, ndipo Mulungu apatse mpumulo wosatha amishoni, Asisitere, akatekisti ndi makolo athu onse amene adatisiyira chikhulupiriro chimenechi.